Andileke Ndigwade

Cateme, ku Moatize
Mwezi wa Outubro

Kwa mlongo wanga Dionísia, amake Fatinha, ku Zóbuè,

Landirani moni wochokera kuno kotentha. Kodi kumapiriko mwadzuka bwanji, inu ndi ana ndi adzukulu? Sandro woyendetsa chapa, kaminibasi kaja, anandiuza kuti msana unakugonekani mwezi wathawu. Ngati mukadali kusenza nokha madengu a kachewere pamene adzukulu ali phee pakhonde, ndiye kuti matendawo mukuchita kuwaitana. Mundiyankhe za msanawo.

Dzanja lolemba pano ndi la mpongozi wanga Suzete, mkazi wa Artur, koma mawu ndi anga onse. Ndamuuza kuti alembe monga ndikulankhulira, asasalaze paliponse. Foni ndakana dala. Pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike pakati pa nkhani, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse.

Za kuno ndi zomwe zija. Mjigo wa pafupi ndi msika wafanso, akazi akukatunga kutsidya kwa njanji. Mng'alu wa pakhoma uja wakula, tsopano abuluzi amalowa awiriawiri. Artur akadali kuyendetsa chigalimoto cha malasha ku Chipanga, pamalo pomwe panali maenje anga a njerwa. Amabwera Loweruka maso ali psuu, amagona, Lolemba wapita.

Chifuwa chija sichinandisiye. Kuchipatala ku Moatize anandiunika, akuti fumbi ndi utsi wa mauvuni zinakhazikika m'mapapo ndipo palibe chozichotsa. Dotolo analankhula ndi Artur m'Chipwitikizi motsitsa mawu, ngati ine ndilibe maso. Nkhope ya mwana wanga ndinaiona. Mvula ikubwerayi ndingaione, ya chaka chamawa sindikulonjeza.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Ndi za mlongo wanu Silvestre. Dziko lonse likuti a Bispo, a Dom Silvestre. Ine ndikuti Silvestre, chifukwa ndinamunyamula paphewa asanadziwe kumanga kabudula.

Ndikudziwa kuti zithunzi za Lamulungu lapitali zafika kale m'mafoni a kwanuko. Mwandiona nditakhala pampando wa bispo, akazi akululutira, ndipo mwamva kuti a Jordão anatuluka m'tchalitchi chifukwa misozi ya chimwemwe inawapambana. Limenelo ndi bodza. Ndinatuluka ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ukadalipo pamene ndikulankhula pano.

Mukukumbukira chaka chimene atate anamwalira. Amayi anatikhazika pansi n'kunena kuti kushikola kungapite mwana mmodzi yekha. Ine ndinali wamkulu, ndinali ndi mapewa. Silvestre anali ndi mutu waukulu ndi timiyendo ngati ta nkhuku. Palibe anandikakamiza. Ndinatola chikombole ndekha n'kuyamba kuumba njerwa kudambo, iye n'kutola buku. Sindinadandaulepo, ndipo lero sindikudandaula.

Nkhondo itatithamangitsira kumsasa wa ku Mwanza, ndi kumene tinalowa mpingo wa Angilikani, chifukwa padiri wa ku Malawi amene ankabwera pa njinga anafuna womuthandiza kuwerenga mawu, n'kupeza Silvestre. Madzi a ubatizo tinathiridwa tsiku limodzi. Koma tsiku limene bispo wa kumeneko anabwera kudzasanjika manja, inu munagwada, Silvestre anagwada, mkazi wanga Mariamo anagwada, ine ndinali pa uvuni woyatsidwa kale. Moto wa uvuni susiyidwa, ukazima pakati njerwa zonse zimafa. Njerwa zimenezo ndi zimene zinamugulira nsapato ndi gombeza popita kukaphunzira zaunsembe ku Zomba. Ndinati ndidzasanjikidwa chaka china. Chaka chinacho chinabala zinzake.

Zimene Silvestre anachita pambuyo pake sindizikana. Mtendere utabwera anabwerera ali padiri, ndi njinga yopanda mabuleki, n'kumatsegula mipingo pansi pa mitengo kuyambira kwanuko mpaka kuno kuchigwa. Anagwa nayo mumtsinje wa Revúbuè, mabuku n'kunyowa, iye n'kuyanika tsamba ndi tsamba pa njerwa zanga zofunda. Tchalitchi cha ku Chipanga chinamangidwa ndi njerwa za m'maenje anga, ndipo denga anakhoma yekha, mkanjo ataupindira m'chiuno.

Pamene a kampani ya malasha anatisamutsa, iye anali atakwera kale udindo, akanatha kutuma munthu. Anabwera yekha. Anakwera pamwamba pa katundu m'lole limodzi ndi ife, belu la tchalitchi atalifungatira pamiyendo mpaka ku Cateme. Zimenezo ndimazinena pamaso pa aliyense. Ndi m'busa weniweni. Koma m'busa weniweniyo wandichititsa manyazi amene ngakhale kampani sinandichititse.

Atasankhidwa kukhala bispo, ndinalumbira pamaso panu kuti sindidzagwadira mwana amene ndinamupukuta mamina, ndipo dzanja lake silidzakhudza mutu wanga. Kwathu wamng'ono sagwira mutu wa mkulu wake. Inu munati ndi kunyada. Nditchuleni momwe mukufunira, mwambowo sindinaupange ndine.

Amene anavutika nazo ndi Mariamo. Lamulungu lililonse iye ankapita kuguwa kukalandira Mgonero, ine n'kutsala pabenchi lakumbuyo ndi alendo ndi ana oyamwa, poti wosasanjikidwa manja salandira. Pobwerera ankandiponda chala dala, osandiyang'ana.

Chaka chatha, Mariamo atadwala kotsiriza, Padiri Constantino wa kuno anabweretsa Mgonero kunyumba. Mariamo anamwa n'kufuna kundipatsira chikho, padiri anamugwira dzanja mwaulemu. Padiri atapita, Mariamo anandiuza kuti akupita kukandisungira malo pagome la kumwambako, ndipo ndisakamuchititsenso manyazi pokakhala kumbuyo ngati mlendo. Anatinso mawondo angawa agwadira matope zaka zonsezi osafunsa kuti matopewo ndi amsinkhu wanji. Sabata yomweyo tinamuika.

Ndiye titamva kuti Silvestre akupuma ntchito chaka chino, ndipo ulendo wake wa ku Cateme ndi wotsiriza, ndinapita ndekha kwa Padiri Constantino. Ndinayembekeza kuti andidutsitsa chifukwa cha imvi. Anati ayi, lamulo ndi limodzi, ndilowe kalasi ngati wina aliyense. Ndinamulemekeza chifukwa cha yankho limenelo.

Kuyambira nthawi yokolola, Loweruka lililonse ndakhala pansi pa mtengo wa masawu ndi ana amsinkhu wa adzukulu anga. Iwo ndi timabuku, ine ndi makutu. Poyamba ankaseka, akuti agogo abwera kudzafuna mkazi. Ndinawasiya, anatopa okha. Chikhulupiriro cha Atumwi chinandivuta, ndinkasokoneza pakati penipeni, ndiye ndinkachinena ndikudyetsa mbuzi mpaka chinakhazikika. Mbuzi zanga tsopano zikuchidziwa kuposa akulu ena ampingo.

Chovuta koposa chinali mawondo. Inu mukudziwa kuti anathera m'dambo. M'mawa uliwonse ndinkatseka chitseko, kugwira mwendo wa kama, n'kumatsika pang'onopang'ono. Masiku oyamba ndinkagwa chammbali ngati thumba la makala. Tsiku lina ndinalephera kudzuka mpaka Suzete anakaitana mnansi kuti adzandinyamule, ine n'kunama kuti ndimafunafuna kabotolo ka fodya pansi pa kama. Suzete akuseka pano, wangodziwa lero. Koma pofika mwezi uno ndinkatha kugwada mawondo onse awiri, kunena Atate Athu mpaka Amen, n'kudzuka ndekha.

Lamulungu lapitali tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera. Kunabwera alendo a ku Tete, akuluakulu a m'maofesi ndi akazi awo, anawaika kutsogolo. Ife odzasanjikidwa tinaima pamzere, ine kumapeto, nditavala malaya oyera amene Mariamo anandigulira kalekale n'kumawasunga m'sanduku. Silvestre anakhala pampando wake patsogolo pa guwa, chipewa chosongoka chija kumutu, ndodo yaubusa itagwiridwa ndi padiri pambali pake. Mwana aliyense ankafika, kugwada pamphasa, padiri kutchula dzina, iye kuika manja pamutu, kupemphera, mwana kudzuka. Palibe anafunsidwa kuti atate ake ndani. Ndinayang'ana n'kumati mumtima, ndi zomwezi basi, zaka zonsezi.

Padiri anatchula kuti Jordão. Ndinafika pamphasa. Bondo lamanja linali litatsala pang'ono kukhudza pansi. Pamenepo Silvestre anadzuka, n'kuvula chipewa, n'kundigwira m'khwapa ngati mwana wogwera m'matope. Ndinamunong'oneza kuti andisiye. Sanamve, kapena anamva. Anandikokera pampando wake womwewo n'kundikhazika.

Kenako anatenga cholankhulira. Anayamba m'Chipwitikizi chifukwa cha alendo aja, ndiye ine ndinkangomva dzina langa likuuluka, anthu akundiyang'ana, ine osadziwa kuti ndikugulitsidwa pamtengo wanji. Atatembenuzira m'chinenero chathu ndi pamene ndinamva. Anati munthu uyu sanapondepo pakhomo la shikola, ngakhale dzina lake salemba, amadinda ndi chala. Anati ndinkadya kamodzi kuti iye adye kawiri. Anatchula ndi kabudula wanga wong'ambika kumbuyo amene ndinavala pomuperekeza ku basi ya ku Zomba. Zinthu za m'nyumba mwathu, amake Fatinha, zimene ngakhale ana anga sindinawauze. Anamaliza n'kuti munthu wotere sayenera kumugwadira, ndipo anagwada iyeyo pamaso panga ndi mikanjo yake yonse, akulira.

Akazi analulutira. Mafoni anakwera m'mwamba ngati mapesi a mapira. Mayi wina wa ku Tete, wonunkhira mafuta, ankapukuta misozi akundiyang'ana ngati mbuzi yovuulidwa m'chitsime. Mnyamata wina chapazenera ndinamumva bwino, anafunsa kuti kodi agogowa chala chodindira ndi chiti, anzake n'kuseka.

Ndinadzuka, ndinatola chipewa changa, ndinadutsa pakati pa tchalitchi n'kupita kunyumba. Manja sanandisanjike. Mgonero sindinalandire. Ana onse aja analandira.

Mudzati anachita chifukwa cha chikondi. Ndikudziwa. Koma mundifunse chimene ndinapitira. Sindinapite kukalandira zikomo. Zikomo akanabwera naye kunyumba chaka chilichonse, chitseko sichinatsekedwepo. Pa zaka zonse za ubispo wake sanakhalepo pamphasa panga. Amaima pakhomo, injini ya galimoto ili chilirire, n'kuti achimwene tikuthamangira msonkhano. Ulemu wa pachibale malo ake ndi kunyumba. M'tchalitchi ndinapita ngati Mkhristu, kukagwadira Mulungu pamzere umodzi ndi ana, ndipo iye anandichotsa pamzerepo. Mwana wa wogulitsa makala anamupatsa chimene anadzera. Ine mkulu wake anandimana, n'kundisandutsa ulaliki.

Sabata yonseyi sindikuyenda mwamtendere. Kumsika anyamata a njinga zamoto akundiitana kuti a Bispo Aakulu, ena akuchita kugwada pafumbi kupempha dalitso. Mayi wogulitsa sopo anakana kuti ndilipire, akuti munthu wovutika chotero. Ndinamusiyira sopo wake. Nyumba zambiri za ku Moatize zaima pa njerwa zanga, ana ndinalera, mkazi ndinamuika m'bokosi labwino. Sindinakhalepo munthu wovutika mpaka Lamulungu lija.

Madzulo a tsikulo Silvestre anabwera kunyumba, atavula zonse, watsala ndi malaya ake ofiirira aja. Ndinamusiya aime padzuwa pang'ono. Anafunsa kuti achimwene mwandithawiranji. Ndinati ndinaona kuti bispo watanganidwa ndi kulira, ndiye ndinati ndisamusokoneze. Anati amafuna dziko lidziwe. Ndinamufunsa ngati dzikolo linamutuma kudzafunsa za kabudula wanga. Anaseka, akuti ndikadali ngati ng'ombe ya atate ija imene inkagona m'goli ikakwiya. Ndinamukumbutsa kuti ng'ombeyo ndi imene inkalima munda wonse, pamene iye ankalira kuseri kwa nyumba chifukwa bakha wamuthamangitsa.

Atasiya kuseka anati andisanjike manja pomwepo pakhonde, padiri abwera ndi Mgonero m'mawa. Ndinakana. Pakhonde timasendapo mtedza. Sindinabe kanthu kuti ndisanjikidwe mobisa, ndipo sindinagone pamphasa ya imfa. Ndinamuuza kuti anandichotsa pamzere anthu akuona, andibwezere pamzere anthu akuona. Anati ku Cateme sabweranso ali bispo, ndodo akukatula kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndinati zimenezo akanaziganiza asanandigwire m'khwapa. Anayang'ana mng'alu wa pakhoma uja, n'kupita. Anasiya thumba la mpunga. Mpungawo tikudya, sunalakwe.

Za chifuwa sindinamuuze, ndipo inu musamuuze. Akadziwa adzandisanjika chifukwa cha chisoni, ndi misozi ina, mwina ndi ulaliki wina.

Pempho langa ndi limodzi. Padiri Constantino wandiuza kuti Misa yotsiriza ya Silvestre asanatule ndodo idzakhala kwanuko ku Zóbuè, m'katchalitchi kamene anayambira, ndipo kuli ana ena odzasanjikidwa. Ndikubwera pa chapa ya Sandro Lachisanu lake. Padiri wa kwanuko wauzidwa kale kuti kalasi ndinamaliza. Wotsala ndi Silvestre, ndipo munthu amene iye amamumvera ndinu nokha, kuyambira kale pamene munkamubisira mbatata yootcha amayi atamukwiyira.

Mumuitanire kuseri kwa nkhokwe, popanda apadiri ake, mumuuze izi. Akhale pampando wake osadzuka. Chipewa chisachoke kumutu. Dzina langa litchulidwe monga la mwana aliyense, Jordão basi, popanda achimwene, popanda mbiri. Aike manja onse awiri pamutu panga, manja omwewo amene sanagwirepo chikombole, anene mawu amene amanenera ana, asawonjezere ngakhale limodzi. Akafuna kulira, alirire m'kati.

Akachita zimenezo, mlandu watha. Akakana, kapena akadzayambanso zake zija, ndidzatulukanso, ndipo bispo watsopano akadzafika kuno chaka china adzapeza dzina langa pamtanda. Pamenepo Silvestre akadzayankhe yekha kwa mlamu wake Mariamo. Ine ndidzangomulozera.

Inunso ndikuchenjezeni. Musauze amayi a mumpingo kuti akonze nyimbo yapadera, musaphe mbuzi, ndipo Fatinha foni yake aisiye kunyumba. Koma mphasa yaikulu ija muiyale pansi pa mpichesi wa amayi. Tikaweruka, Silvestre avule mikanjo, auze woyendetsa galimoto azimitse injini, abwere akhale pansi andipatse moni monga wamng'ono amachitira. Zikomo wake yense uja adzanene pamenepo, tili atatu. Ndidzamumvera mpaka amalize, ngakhale za kabudula.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Cremildo, muwauze kuti fodya amene ananditumizira anali wofatsa ngati iwo omwe. Moni kwa Fatinha ndi amuna ake, kwa adzukulu onse aulesi aja, ndi kwa msuweni wathu Isménia ngati makutu ake akadali kugwira ntchito. Artur ndi Suzete akuti moni wambiri kwa azakhali awo. Mukapita kukasesa kumanda, muwauze amayi kuti mwana wawo wamkulu akubwera.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Simenti ya m'katchalitchi kanu ndi yozizira, ndipo bondo lamanzere silikhulupirika. Likakana kudzuka, anthu asathamange. Silvestre amalize pemphero, ine ndinene Amen. Ikatha Amen, andigwire m'khwapa momwe angafunire. Imeneyo ndi ntchito ya mng'ono wanga.

Tsalani ndi Mulungu mpaka ndikuoneni ndi maso.

Ndine mlongo wanu wamkulu,
Jordão

Dzinalo walemba Suzete. Chala chili pansipa ndi changa, chachikulu cha kumanja.